Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Makompyuta Anga ndi Zimene Anapita Nazo

Moni nonse. M'gawo lapitali ndinangotchula modutsa za kompyuta ya malume, koma ndemanga zanu zambiri zinagwera pomwepo, nkhani imene ine ndinkaiyesa yaikulu munangoidumpha. Zikomo amayi aja munalemba kuti nanunso munaphunzirira pa WordPerfect, pulogalamu yolembera ija. Ndimaganiza kuti oikumbukira tinatha. Ndipo inu achimwene amene simutopa kufunsa chifukwa chimene ndikukakamirabe laputopu yakale, yankho lanu lili muno, kungoti mupirire, chifukwa silingamveke musanamve za 2009.

Malume mukuwadziwa kale, aja anandilera bambo atatisiya, aja osakonda kuyankhula. Kompyuta yawo inali 486, chibokosi chotuwa chogona pathebulo, sikirini itakhala pamsana pake. Kampani ya Intel inatulutsa pulosesa ya 486 imeneyi, ubongo wa kompyutayo, mu 1989, choncho pamene ndinkaigwira koyamba mu 1996 inali itakalamba kale, anthu akukamba za Pentium. RAM yake, pamene kompyuta imasunga kwakanthawi zimene ikugwirapo ntchito, inali 8 MB. Ukaiyatsa sinkakulonjera ndi zithunzi ayi, inkangoonetsa C:\> mumdima n'kumakudikira. Ukalemba WP n'kudina Enter, sikirini yonse inkasanduka yabuluu, ndiye kuti WordPerfect 5.1 yatseguka. Mawusi tinalibe nayo ntchito. F10 kusunga, Shift ndi F7 kupulinta, F7 yokha kutuluka, ndipo mpaka lero zala zanga zimafuna kupita komweko. DOS, pulogalamu imene inkayendetsa kompyutayo, sinkalola dzina la fayilo kupitirira zilembo 8, n'chifukwa chake mafayilo athu ankangotchedwa MBIRI01, MBIRI02, kumangopita choncho.

Mayinawo akuuzani kale zimene tinkalemba. Malume ankafuna kusunga mbiri ya banja lathu: ndani anabala ndani, ndani anakwatiwa kuti, ndani anachoka osabwereranso, mkangano uti unagawanitsa abale. Zala zawo zinali zolimba, kiyibodi ankaiopa, ndiye ankakhala pambali panga maso ali tsinzini n'kumanena, ine n'kumalemba. Kope kunalibe. Zonse zinkachokera m'mutu mwawo kulowa m'makinawo. Munthu amene tsiku lonse ankatha ndi mawu owerengeka, pamenepo ankayankhula mpaka usiku, ndipo akamaliza ndime ankatsegula maso n'kufunsa kuti, "Mphwanga, wasunga?" Ine, "Ndasunga malume." Iwo, "Sunganso pa kadisiki." Tinkasungadi pa ma floppy, timadisiki ta mainchesi 3.5 tolowa 1.44 MB kamodzi. Lero chithunzi chimodzi cha pafoni sichingakwanemo, koma mawu okhaokha ankalowamo ambirimbiri.

Windows 95 itatipeza, inabwera pa ma floppy 13, kulowetsa kamodzikamodzi masana onse. Ine ndinakondwa ndi batani la Start. Malume anaiyang'ana pang'ono n'kunena kuti ndiwabwezere yabuluu ija, ndipo mbiri yonse tinaimalizira mu WordPerfect momwemo.

Zaka zotsatira ndidutsapo msanga chifukwa ndinazifotokoza m'gawo 6. Kuntchito yanga yoyamba kunali Pentium II ya Windows 98 ndi modemu ya 56k, ija inkalira ngati ikutsamwa isanalumikize intaneti, ndipo ikalumikiza, lamya ya muofesi inkakhala yotseka kwa aliyense. Mantha a chaka cha 2000, akuti makompyuta adzasokonezeka deti likasintha, anabwera n'kupita, makina athu anadzuka bwinobwino pa 1 Januwale.

Kompyuta yoyamba yogula ndekha inali Pentium III yogwiritsidwapo kale ntchito, mu 2003. Imeneyi ndiyo inandichotsa mantha otsegula chibokosi. Inkaiwala tsiku ndi nthawi ukangoizimitsa, ndipo ena anandiuza kuti yatha, pamene vuto linali kabatire kozungulira ka CR2032 kokhala pa motherboard, bolodi lalikulu la m'katimo, kamene kamasunga wotchi makina akazima. Nditasintha kameneko ndinalimba mtima, ndinawonjezera RAM kuchoka pa 128 MB kufika pa 256 MB kuti Windows XP ipumeko bwino. Malume anamwalira chaka chotsatira. Pogawana katundu wawo, bokosi la ma floppy palibe analifuna, linabwera kwa ine. Ndinakopera zonse pa Pentium III ija, chifukwa ndinkadziwa kuti floppy imasunga zinthu pa kapulasitiki kopakidwa zamaginito, kamene chinyezi, nkhungu ndi kutentha zimakadya pang'onopang'ono. Mu 2007 ndinagula laputopu yanga yoyamba, yopanda polowetsa floppy, ndipo mbiri ija inasamukira mmenemo pamodzi ndi zithunzi za malume zimene ndinasikana kwa abale osiyanasiyana, zina eni ake anazitenganso ndipo zinasowa.

Tsopano tafika pa 2009. Pali bambo wina analemba pansi pa gawo 4 kuti munthu wodziwa makompyuta sataya mafayilo pokhapokha akhale wosasamala. Bambo, werengani bwino apa. Kope lachiwiri ndinali nalo. Linali pa fulashi yanga, m'foda yolembedwa dzina la malume.

Alamu anga, aja mukuwadziwa a m'gawo 7, anabwereka fulashiyo kuti akapulintitse makalata ofunsira ntchito. Ndinawauza kuti muli zinthu za malume, asakhudze. Fulashi ili kwa iwo, laputopu inayamba kuchita zachilendo. Kutsegula foda, kudikira. Kenako usiku wina ndinamva kaphokoso pansi pa dzanja langa lamanzere: tik, tik, tik, kenako zii, kenako tik, tik. Amene simunaonepo m'kati mwa hard disk, muli timbale tozungulira, ta m'malaputopu ambiri a nthawi imeneyo tinkazungulira ka 5400 pa mphindi, ndipo pamwamba pake pamayandama kamutu kowerenga, kosakhudza mbaleyo, mpata wake wochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi. Kamutuko kakalephera kupeza njira yake, kamkono kamene kamakanyamula kamabwerera poyambira n'kuyesanso, ndipo ndiko kulira kuja. Disiki ikafika pamenepo, kuiyatsa kulikonse ndi kuipweteka. Ndinaizimitsa nthawi yomweyo, m'mawa ndinainyamula kupita nayo kwa mkulu wina wokonza makompyuta amene anthu ankamutama. Ndinamuuza momveka, kawiri konse, kuti makinawo asade nawo nkhawa, chimene ndikufuna ndi zimene zili pa disikiyo. Anagwedeza mutu akuyankha foni.

Mtima wanga sunali m'mwamba kwenikweni, chifukwa ndinkadziwa kuti fulashi ilipo. Madzulo ake ndinapita kwa alamu kukaitenga. Anandipatsa akumwetulira, n'kunena kuti, "Alamu, inagwira vairasi kopulintitsa kuja, koma musadandaule, ndaitsuka." Ndinafunsa kuti aitsuka bwanji. "Ndaifomata."

Ndinangoti kakasi. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti mavairasi oyenda pa mafulashi masiku amenewo, ambiri sankafufuta kanthu. Ankangobisa mafoda ako n'kuika tinthu tawo tooneka ngati mafodawo, kuti ukadina afalikire. Lamulo limodzi lotchedwa attrib, mzere umodzi wokha wolemba pa kompyuta, likanabweza zonse poyera. Ngakhale kufomata kwachangu sikufufuta zenizenizo, kumangochotsa mndandanda wosonyeza pamene fayilo iliyonse ili, ndipo pali mapulogalamu otha kuzifukula bola pasalembedwe china pamwamba. Koma alamu, poona kuti fulashi yayera, anaidzaza ndi nyimbo ndi mavidiyo mpaka pakamwa, ati kundithokoza. Ndinabwerera kunyumba nditaifumbata m'manja. Mayi a kunyumba anandifunsa ngati ndadwala, ndinalephera kuwayankha. Usiku wonse ndinkadzilimbitsa kuti disiki ija ikadalipo, kuti ngakhale ikulira, pali anthu otha kutsegula disiki m'chipinda chopanda fumbi n'kusintha kamutu, ndipo ngakhale zitatenga zaka kuti ndikwanitse, ndidzadikira.

Nditapita kwa wokonza uja, anandilandira monyadira. Anayatsa laputopu, inadzuka msangamsanga, Windows yatsopano, chithunzi cha kumbuyo chatsopano. Anati waikamo disiki ina, ikuthamanga kuposa kale. Ndinamufunsa kuti yakale ija ili kuti. Anayang'ana mnyamata wake, mnyamatayo anayang'ana pansi. "Inali yakufa bwana, tinataya." Ndinafunsa kuti anataya kuti. Anati zinyalala zinatengedwa dzulo lake. Ndinapempha kuti ndione ndekha m'makatoni a pansi pa thebulo lake, anandilola monyinyirika, ndipo ndinagwada pamenepo, munthu wamkulu, kutembenuza disiki iliyonse kufunafuna yanga, makasitomala ena akundidutsa. Sinalipo. Iye anaima pambali ndi lisiti m'manja kudikira kuti ndimulipire, ndipo ndinamulipira, chifukwa pakamwa panga panalibe mawu oti ndikangane naye.

Sindinalirepo chonchi ngakhale tsiku limene malume anamwalira. Tsiku limene lija ndinali ndi chodzitonthozera, chakuti mawu awo ndinawasunga. Mayina a anthu amene palibenso wamoyo wowakumbukira, chifukwa chimene agogo anasiyirana ndi mchimwene wawo, mmene malume ankayambira chiganizo ndi "tsono" akafuna kunena chinthu chowawa, zonsezo zinali mmenemo. Kwa miyezi ndinkayatsa laputopu yothamangayo n'kumangoiyang'ana, ndipo pamapeto ndinaipereka kwa mwana wa achemwali chifukwa sindinkafunanso kuiona.

Alamu, ndikudziwa mumawerenga, chifukwa gawo 7 munalidandaula kwa achemwali. Ndinakukhululukirani kalekale, ndipo mukudziwa kuti timadyera limodzi. Chimene sindinavomere ndi chija mumauza anthu kuti fulashiyo inali yopanda kanthu. Munali kanthu, ndipo ndinakuuzani musanaitenge.

Chinatsala ndi bokosi la ma floppy lija. Mu 2010 ndinabwereka kachipangizo kowerengera floppy kolumikiza pa USB. Kadisiki kalikonse ndikalowetsa, kankalira pang'ono, kenako uthenga wofunsa ngati ndikufuna kukafomata. Mnzanga wina wakuntchito ndiye anandipatsa CD ya Ubuntu, mtundu wa Linux imene imayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows. Inali imodzi mwa zija kampani ya Canonical, ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, inkatumiza ulere papositi kwa aliyense wopempha mpaka mu 2011. Mnzangayo anandiphunzitsa pulogalamu yotchedwa ddrescue, imene siima ikakumana ndi malo owonongeka. Imakopera kaye pabwino ponse, kenako n'kubwerera kukalimbana ndi poipa. Ndi imene inkafunika pa hard disk ija ikanakhalapo. Pa ma floppy ambiri inangotola zidutswa, chiganizo apa, theka la dzina apo. Koma MBIRI07 inatuluka yathunthu, ndipo pulogalamu yolembera ya OpenOffice inaitsegula popanda vuto. Ndi gawo lonena za kubadwa kwa amayi anga ndi ubwana wawo, lili ndi zolakwika zonse za zala zanga za 1996. Ndinalipulinta n'kugawira m'bale aliyense, ndipo zimene ndinalemba m'gawo 1 za amayi zinachokera mmenemo.

Kuchokera pamenepo makina anabwera n'kupita osandisiyira nkhani. Kanetibuku ka pulosesa ya Atom kamene kankandipweteka maso, kompyuta ya kuntchito ya Windows 7, kenako foni inalanda theka la ntchito zonse.

Tsono achimwene, nayi laputopu mumaisekayi. Ndi ThinkPad T430, mtundu wa 2012, ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito mu 2016. Dzinali linali la IBM mpaka Lenovo itagula nthambi yake ya makompyuta mu 2005, ndipo kabatani kofiira ka pakati pa kiyibodi kanatsalabe. Ndinaisankha chifukwa chimodzi: disiki yake imatuluka ndi sikuluu imodzi, ndi manja anga, popanda kuipereka kwa munthu. Batire limachoka pongokankha, RAM ndinawonjezera ndekha kufika 8 GB, ndipo hard disk ndinaichotsa n'kuikamo SSD, imene ilibe mbale kapena kamutu. SSD nayo imafa, ndipo kawirikawiri imafa osalira n'komwe, n'chifukwa chake zolemba zanga zonse, kuphatikizapo mbiri mukuwerengayi, zimakhalanso pa disiki ina yakunja imene sindibwereketsa, ndi pa intaneti. Malaputopu ambiri opyapyala a masiku ano RAM yawo ndi yowotcherera pa motherboard, ena ngakhale posungira pomwe, kutanthauza kuti bolodi likafa uyenera kukagwada kwa wina. Ine ndinagwada kale.

Mwanena zoona kuti Windows 11 singalowemo mwa njira yake, chifukwa imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0 ndi pulosesa yatsopano kuposa yanga, komanso kuti Windows 10 inasiya kulandira chithandizo chanthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Zimenezo sizinandikhudze, pakuti makinawa akhala pa Linux kuyambira tsiku limene ndinawagula, ndipo amalemba, amatsegula intaneti, amaonetsa mavidiyo a adzukulu. Ndi yolemera, pakona ina inang'aluka, batire silikhalitsa. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ikadzafa ndidzagula ina yotseguka ndi sikuludiraiva, osati yowala.

Amene munafunsa za zidutswa zija, ndikadali nazo, ndipo achemwali akundithandiza kulumikiza mayina ena ndi zimene iwo akukumbukira. M'chidutswa china muli dzina la munthu amene m'banja mwathu satchulidwa, ndipo nditawafunsa azakhali anandiuza kuti ndisiye. Sindinasiye. Imeneyo ndiyo nkhani ya gawo 10, ndikangomaliza kukambirana nawo kuti ndi ziti zimene ndingalembe poyera.