6 July: chiperoni, mbendera ndi tsiku lobadwa lobwereka la agogo

Lero ndadzuka 5 koloko isanakwane, osati kuti ndine wakhama ayi, kuzizira ndi komwe kwandidzutsa. Nditasuzumira pa windo phiri la Soche silimaoneka n'komwe, nkhungu yokhayokha mpaka pa mpanda wa aneba, ndipo kamvula kaja kowaza ngati munthu akupemerera madzi pa malaya asanasite kanali kayamba kale. Chiperoni chenicheni. Zovala zomwe ndinachapa dzana zikadali pa chingwe, zayamba ndi kununkha chinyontho.

Amene simuli kuno ku Blantyre mwina mumangomva dzinali. Limachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, chifukwa mphepo yake imadzera mbali imeneyo, kummwera chakummawa, itanyamula chinyezi cha kunyanja yamchere, ndiye ikafika pa mapiri athuwa, Mulanje, Thyolo ndi kuno, imakwera m'mwamba n'kuzizira, basi nkhungu ndi mawawa masiku awiri atatu osaona dzuwa. A minda ya tiyi ku Thyolo amasangalala nacho, ife a ku Zingwangwa timangoona makala akukwera mtengo. Komanso chichitikireni za namondwe wa Freddy mu March 2023, pomwe matope anatsika ku Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, anthu kuno mvula iliyonse ikamagwa usiku tulo sitibwera bwinobwino, ngakhale tikudziwa kuti ya July siigumula khoma.

Ndili ndi kakope komwe ndimalembamo tsiku ndi tsiku: kunja kwacha bwanji, pa wailesi anena chani, ndi zomwe zinachitika kale pa deti ngati lomwelo. Khalidweli ndinatengera malemu agogo aamuna omwe anali kalaliki ku njanji ku Limbe, iwo amalemba mpaka nthawi yomwe sitima yachedwa. Masiku ambiri tsamba silidzadza ndi theka lomwe, koma la 6 July limasefukira.

Aliyense amadziwa za 1964, kuti Nyasaland inasanduka Malawi, mbendera ya Angerezi inatsitsidwa pakati pa usiku pa sitediyamu yathu yomweyi yomwe pano timaiti Kamuzu Stadium, Prince Philip ali pomwepo kuimira mfumukazi, ndipo yakuda, yofiira ndi yobiriwira ya dzuwa lotuluka inakwera. Koma detilo silinangogwa kumwamba. Pa 6 July 1958 ndi pomwe Kamuzu anatsika ndege ku Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40, ndiye ufulu anauika pa tsiku lomwelo, kenako 1966 pomwe dziko limakhala ripabuliki iye n'kukhala pulezidenti, 6 July yomweyo. Mkuluyu ankadziwa kusunga deti. Chomwe chimandiwawa ine n'choti chisangalalo cha 64 sichinathe ndi miyezi itatu yomwe, pofika September nduna zinali zitakangana naye kale, a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Masauko Chipembere, a Yatuta Chisiza ndi anzawo, ena kuchotsedwa ena kutula pansi okha, ambiri n'kuthawira kunja. Lero chipilala chokumbukira ufulu chija chili pa msewu wotchedwa Masauko Chipembere, ndipo minibasi zimangodutsa pamenepo kondakitala akukuwa Limbe Limbe, palibe amayang'ana m'mwamba.

Koma kwathu kuno 6 July ndi tsiku lobadwa la agogo aakazi, kapena ndinene kuti ndi lomwe lili pa chiphaso chawo. Iwo sadziwa tsiku lomwe anabadwa, amangoti njala ya 1949 inawapeza ali kumsana. Ndiye nthawi ya kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017 mnyamata wolembayo atawafunsa deti, agogo anaganiza kaye n'kunena kuti lembani 6 July, tsiku limenelo ana onse amakhala pakhomo, sadzanamizira ntchito. Anzawo ambiri anangolembedwa 1 January. Awa ayi, anasankha holide kkkk.

Ndiye cha m'ma 9 ndinavala juzi ziwiri n'kutsika ku msika kukagula nkhuku. Matope oterera, amayi ogulitsa tomato atadzikulunga zitenje mpaka kumutu maso okha akuoneka, anyamata a kaunjika akukuwa majekete ngati golide. Mwana wina amagulitsa timbendera ta pepala tomata pa kamtengo, titanyowa kale utoto wofiira ukutsikira pa wobiriwira, ndinamugula kamodzi chifukwa cha chisoni basi. Anandifunsa kuti bwana dzuwalo lili ndi mizere ingati, ndikalephera ndigule kena. Ndinamuuza 31, anakhumudwa. Nanga ife amene tinaona mbendera ikusinthidwa mu 2010 nthawi ya Bingu, kuika dzuwa loyera lathunthu pakati, kenako n'kubwezeretsedwa mu 2012 nthawi ya amayi Joyce Banda, tingalephere kuwerenga mizere?

Nditabwerera ndinapeza magetsi athawa, ndiye zonse pa mbaula. Agogo anali atakhala kale pa mkeka pafupi ndi moto, mapazi m'masokosi anga a mpira, ndipo atandiona anati amuna anga mwabwera, mwandigulira chani pa tsiku langa. Amanditchula choncho chiyambire ndili mwana. Ndinawapatsa kambendera konyowa kaja, anakayang'ana nthawi yaitali n'kukatsomeka mu kapu.

Chaka chilichonse ndimawafunsa funso lomwelo, kuti agogo mu 64 munali kuti, ndipo yankho limasinthasintha pang'ono koma zinthu ziwiri sizisintha. Choyamba ndi kuzizira. Akuti usiku umenewo anali ku Ndirande kwa azakhali awo, ku sitediyamu sanapite chifukwa atsikana sanawalole, anangoima panja atafunda bulangete limodzi anthu anayi n'kumaonera moto wa mitundumitundu ukuphulika kumwamba mbali ya Chichiri, agalu onse a m'mudzi akuuwa. Chachiwiri ndi nyama. Akuti mawa lake anadya nyama ya ng'ombe mpaka kuisiya m'mbale, chinthu chomwe anali asanachionepo. Za Prince Philip sakumbuka chilichonse, ndikawauza amangoti kaya, azungu analipo ambiri. Za Kamuzu amati ankalankhula Chingerezi chokhachokha wina n'kumamasulira, koma akangokuwa kuti kwacha, thupi lonse limachita tsembwe. Ndikawafunsa za makadi a chipani ndi a payoniya omwe ankaima pa geti la msika, amasintha nkhani, amati tawonani nkhukuyo ipserera.

Pa wailesi ya batire tinamvera zolankhula za akuluakulu, mapemphero, nyimbo ya fuko, zomwe zija za chaka ndi chaka, sindinalembe zambiri. Ndinangolemba mzere umodzi wa 2017, chifukwa sindifuna kuti ndidzaiwale: tsiku ngati lero anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popondana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe akufuna kulowa kukaonera zisangalalo ndi mpira.

Zakunja nazo zilipo. Comoros inalandira ufulu kuchoka kwa France pa 6 July 1975, ndiye tili ndi anzathu okondwerera nawo limodzi omwe ambiri sitiwadziwa. Nkhondo ya Biafra ku Nigeria inayamba pa deti lomweli mu 1967. Ndipo pa 6 July 1885 Louis Pasteur anabaya katemera wa chiwewe koyamba kwa mwana wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu, mwanayo n'kuchira. Iyi ndinawawerengera aneba mokweza pa mpanda chifukwa galu wawo a katemera akabwera amamubisa kubafa, akuti akabayidwa amasiya ukali. Anangoseka.

Obadwa lero: Dalai Lama 1935, George W. Bush ndi Sylvester Stallone onse awiri 1946, 50 Cent 1975. Nditawauza agogo kuti akugawana tsiku ndi pulezidenti wakale wa America anafunsa ngati iyenso analisankha yekha.

Madzulo ana a achemwali anabwera, tinadya nsima ya nkhuku ndi mpiru wotendera, keke panalibe, mmalo mwake mbatata yootcha pa mbaula yomwe agogo anaikumba okha m'phulusa ndi zala osapsa. Ana anaimba, agogo anavina atakhala pansi, mapewa okha. Wamng'ono kwambiri anafunsa kuti agogo akwanitsa zaka zingati, iwo anati funsani boma.

Pano ndi 9 koloko, magetsi abwera, kunja kukadali kuwaza. A zanyengo ati mawa chimodzimodzi. Zovala zija ndazilowetsa ndazipachika pa mipando kuzungulira mbaula, ndipo agogo agona ndi masokosi anga, ndiye mawa kuntchito ndipita ndi ena aja obooka chidendene.