Mbande, tsabola ndi marozi a amalume

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anatisiya mu Ogasiti 2021. Kumanda, abusa atamaliza mbali yawo, woyendetsa mwambo anayamba kuitana oika nkhata: mkazi wa malemu, ana, akuchimuna, akuchikazi, akumpingo, anzawo akuntchito. Pofika pa ife mtumbira unali utakwiririka kale ndi maluwa, ena apulasitiki, ena enieni amene anali atayamba kulefuka ndi dzuwa. Ndikuwerama kuti ndiike yanga, m'maso mwanga munabwera khonde la nyumba yawo ku Chinamwali, ku Zomba.

Pakhonde limenelo panali mzere wa zitini za penti, zigubu zodula pakati ndi matayala awiri akutha, zonse zodzaza dothi. M'menemo amalume ankasungamo marozi ofiira ndi oyera. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankawathirira ndi madzi otsala potsuka mbale, ndipo Loweruka ankakhala pampando ndi kampeni kawo n'kumadulira nthambi zouma. Tonse tinkaziona zimenezi. Komabe pa Khirisimasi tinkawatengera sokosi, malaya, mayunitsi a foni, mwina nkhuku. Pa zaka zonsezo panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anawapatsako duwa kapena kamtengo, chifukwa tinakula tikumva kuti maluwa ndi zinthu za akazi. Pobwerera kumanda tsiku limenelo mtima unkandiwawa kwambiri, ndipo ndinatsimikiza kuti amuna a m'banja mwathu amene adakali moyo ndiziwapatsa zomera.

Ndinayamba ndi bambo anga, ndipo ndinayamba molakwitsa. Tsiku la abambo limakhala Lamlungu lachitatu la mwezi wa Juni. Mu 2022 ndinagula mbande ya peyala m'mbali mwa msewu, ndinaimanga kariboni pachubu, n'kukwera nayo minibasi mpaka kumudzi kwathu ku Balaka. Bambo anailandira ndi manja awiri, anaitembenuza uku ndi uku, kenako anati, "Zikomo mwana wanga. Koma mtengo sadzala mu Juni. Tiyesa." Anayesadi. Ankatunga okha madzi kumjigo madzulo aliwonse, anaitchingira ndi minga. Koma Juni ndi chiyambi chabe cha chilimwe, mvula imakhala idakali miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kutsogolo. Anthu akakolola mbuzi zimamasulidwa, ndipo tsiku lina zinathyola mingayo n'kudya nsonga. Chotsalacho chinamalizidwa ndi dzuwa la Okutobala. Amene anakhalako ku Balaka akudziwa mmene kumatenthera mwezi umenewo.

Ndinalakwitsa pawiri. Nthawi inali yolakwika, komanso mtengowo sunali wa kumaloko. Mapeyala amakondwa kumadera okwera ndi ozizirirapo monga Thyolo, Mulanje ndi Zomba. Kotentha ngati kwathu, kapena ku Salima ndi ku Mangochi, mtengo umene suvuta ndi mango. Chimene chinandikhudza n'chakuti mphatso yanga inasanduka ntchito kwa munthu wachikulire, miyezi inayi akusenza ndowa chifukwa chosafuna kundikhumudwitsa.

Ulendo wachiwiri ndinadikira mvula. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo masiku amenewa sanangosankhidwa mwachisawawa: dothi limakhala lonyowa, mizu imagwira msanga, mtengo umalowa m'chilimwe uli ndi mphamvu. Ndinali ndi ulendo wa ku Thyolo, ndiye ndinatsikira ku Bvumbwe, kumene kuli malo a boma ofufuzira zaulimi ndipo anthu ambiri ozungulira amadziwa ntchito ya nazale. Abambo ena ogulitsa mbande anandifunsa mafunso amene ine sindinadzifunsepo. "Mayi, mtengowu ukupita kuti? Madzi ali pafupi? Mwini wake ali ndi zaka zingati?" Nditawauza kuti bambo adutsa zaka 70, anapukusa mutu n'kundichotsa pa mbande zofesa kuchokera ku nthangala. Anati mango ofesa amatha zaka zisanu, zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo asanabereke, pamene omezanitsa amayamba m'chaka chachitatu kapena chachinayi.

Anagwada pansi n'kundionetsa pomezanitsapo. Chapafupi ndi dothi, pathunthu lopyapyala ngati pensulo, panali chipsera chooneka ngati chilembo cha V, chomangidwa ndi kapulasitiki. M'munsimo ndi mtengo wa mango wamba, wolimba mizu. Pamwambapo ndi kanthambi kochokera ku mtengo wa mtundu umene ukufunidwawo. Anandiuza kuti ndikapanda kuona chipsera chimenechi ndisagule, ngakhale wogulitsa alumbire motani. Anatinso podzala chipseracho chisakwiriridwe, ndipo mphukira iliyonse yotuluka m'munsi mwake ichotsedwe, apo ayi mtengo wamba uja umalanda mphamvu zonse.

Panali mitundu itatu: Tommy Atkins, Keitt ndi Kent. Ndinasankha Kent, ndipo chifukwa chake ndi mano a bambo. Pakhomo pathu pali mitengo yakale ya mango ang'onoang'ono aulusi wambiri, ndipo zaka zingapo zapitazi bambo anasiya kudya chifukwa ulusiwo umawakodwa m'mano otsalawo. Ankangotola n'kupatsa adzukulu. Mango a Kent ndi aakulu, ofewa, ulusi wake ndi wosaoneka n'komwe, munthu atha kudya ndi supuni. Nditafika nayo kumudzi n'kuwafotokozera bambo zimenezi anaseka, n'kunena kuti, "Ndiye kuti umandiona eti?" Dzenje anali atakumba kale sabata ziwiri m'mbuyomo, masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya komwe, dothi lapamwamba atalisakaniza ndi manyowa a m'khola. Anawazamo phulusa poopa chiswe. Mpanda wake ulendo uno unali wa nsungwi, wofika m'chiuno. Akutsendera dothi ndi phazi anati, "M'mera mpoyamba."

Mtengowo unachita maluwa oyamba mu Ogasiti 2024, udakali waufupi kuposa iwo. Anandiimbira foni kufunsa ngati awasiye. Ndinawauza zimene anandiuza abambo a ku Bvumbwe aja, kuti maluwa a mtengo wanthete amachotsedwa kuti uyambe wakhwima. Anakhala chete kanthawi, kenako anati achotsa onse kupatula tsango limodzi. Sindinawatsutse.

Kwa amuna anga nkhani inali ina. Timakhala m'nyumba ya lendi ku Lilongwe, ndipo kudzala mtengo pamalo a eni ndi kuwadzalira eniwo. Madzi a pampopi nawonso ndi olipira. Koma bambo a kunyumba kwanga sadya nsima popanda tsabola, ndipo tsabola wake ndi kambuzi, uja wamng'ono wachikasu chofiirira, wonunkhira ngakhale usanamudule. Pa tsiku lawo lobadwa ndinatenga ndowa yakale, ndinaiboola pansi ndi msomali wamoto, ndinaika timiyala, kenako dothi losakaniza ndi manyowa, n'kuokeramo mbande ziwiri za kambuzi. Ndalama zonse sizinafike mtengo wa tayi. Poyamba anangoti zikomo n'kuiika kuseri kwa nyumba. Patapita sabata ndinawapeza m'mawa, atavala kale zakuntchito, akusuntha ndowayo kuti ipeze dzuwa. Tsabola atayamba kupsa, ankadzuka patebulo nsima ili pambale, n'kupita kukathyola awiri okha, osalola mwana kuti awathyolere. Pamene tinkasamukira nyumba ina, katundu yense anakwera kumbuyo kwa lole, koma ndowa ija anaifukata pamiyendo kutsogolo, pafupi ndi dalaivala.

Mnzanga wina kuntchito atamva nkhanizi anafuna kupatsa apongozi ake aamuna mkungudza wa ku Mulanje, poti ndi mtengo wa fuko lathu ndipo ndi waulemu. Ndinamuletsa. Mkungudza kwawo ndi pamwamba pa phiri la Mulanje, kozizira ndi kwa nkhungu, ndipo apongozi akewo amakhala ku Chikwawa. Anawagulira mbande za nimu ndi chamwamba, mitengo yopirira kutentha, ndipo inagwira. Kwa mwamuna wokhala m'chipinda chimodzi kapena wofuna chomera cha pawindo la ofesi, ine ndimasankha alovera, chifukwa ngakhale aiwale kuthirira sabata ziwiri samufera.

Marozi a amalume sindinawaiwale. Titapita kukaona akazi awo chaka chotsatira maliro aja, ndinapeza zitini zina zitauma, koma zinayi zinali zamoyo. Ndinapempha kuti ndidulepo, ndipo iwo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kampeni ka amalume komwe kaja. Ndinadula timitengo khumi, kalikonse kotalika ngati chikhatho ndi theka, podula pake m'munsi pang'ono mwa mfundo. Ndinachotsa masamba am'munsi, n'kutikulunga m'nyuzipepala yonyowa. Kunyumba ndinatizika mumchenga wosakaniza ndi dothi, pamthunzi. Tinayi tinaphuka.

Kamodzi ndinakapereka kwa mlongo wanga wamng'ono, amene amakonza magalimoto ku Ndirande. Ndinakaika m'chitini cha penti mwadala. Anachiyang'ana, anayang'ananso anzake a pagalaja, n'kunena chapansipansi kuti, "Achemwali, maluwa ine?" Ndinamuuza kuti ndi a amalume. Sanayankhe. Anapukuta manja pa ovolosi, ananyamula chitinicho n'kukachiika kuseri kwa kontena, kumene sikufika mafuta.

Mwezi watha ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Duwa lofiira limodzi latseguka, masamba awiri ali ndi tizilombo tobiriwira tounjikana kunsonga. Pansi pake analemba kuti, "Izi ndithane nazo bwanji?" Ndinamuyankha kuti asungunule kachidutswa ka sopo wochapira m'madzi, awaze madzulo dzuwa litapepa, ndipo abwereze pakatha masiku atatu. Umu ndi mmene amalume ankachitira Loweruka, akamaliza kudulira.