Sabata ya mafoni pa wailesi: bilu ya zaumoyo, khungu la pulezidenti ndi mlandu wa kukondera

Ntchito yanga pa wailesi yathu, yomwe ndi imodzi mwa mawailesi ang'onoang'ono osachita malonda m'chigawo chapakati cha dziko la America, ndi yokonza pulogalamu ya zokambirana imene imamveka m'mawa kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Ndimafufuza alendo, ndimalemba mafunso a muulutsi, ndipo pulogalamu ikayamba ndimakhala kuseri kwa galasi la situdiyo, kuyankha mafoni a omvera ndi kusankha amene amveke pa wailesi. Nkhani za dziko lonse timazigula ku NPR (National Public Radio), bungwe lotumiza nkhani ku mawailesi ngati yathu, ku Washington, koma ndalama zoyendetsera wailesi yathu zimachokera makamaka kwa omvera amene amasonkha mwa kufuna kwawo ndiponso kwa amabizinesi a m'dera lino, ndipo mu 2009 gawo locheperapo linkachokera ku boma kudzera ku bungwe la Corporation for Public Broadcasting, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967. Chifukwa cha gawo la bomalo, munthu aliyense wokhoma msonkho ankamva kuti wailesiyi ndi yake, ndipo akakwiya ndi mawu amene anenedwa ku Washington, foni imene inkalira inali ya pa tebulo langa.

Sabata imene inayamba Lolemba pa 14 September 2009 tinailowa mitima ya anthu ili kale m'mwamba. Lachitatu lapitalo, pa 9 September, Pulezidenti Barack Obama analankhula ku nyumba zonse ziwiri za malamulo za ndondomeko yake yokonzanso inshulansi ya zaumoyo, ndipo atanena kuti thandizolo silidzafika kwa anthu okhala m'dzikomo popanda zikalata, phungu wa ku South Carolina, Joe Wilson, anakuwa kuti pulezidentiyo akunama. Loweruka pa 12 September khamu la anthu otsutsa linachita zionetsero ku Washington. Pa msonkhano wathu wa Lolemba m'mawa funso linali lakuti tikambe za bilu yeniyeniyo kapena za zikwangwani zimene ena ananyamula pa zionetserozo. Ine ndinapempha kuti tiyambe ndi biluyo, chifukwa omvera ambiri amene ndinakhala ndikulankhula nawo kuyambira mu August sankadziwa zimene zalembedwamo, ndipo mkulu wathu wa nkhani anavomera.

Tinaitana mphunzitsi wa zamalamulo wa pa yunivesite ya m'dera lino, yemwe anawerenga ndime ziwiri za bilu ya m'nyumba ya aphungu, yotchedwa H.R. 3200. Ndime 246 imanena poyera kuti ndalama za boma zothandizira kulipira inshulansi sizidzaperekedwa kwa anthu opanda zikalata, ngakhale otsutsa ali ndi mfundo yomveka pamene amafunsa kuti nanga zikalatazo adzazitsimikizira bwanji. Ndime 1233, yomwe ndi gwero la mphekesera imene Sarah Palin, yemwe anali bwanamkubwa wa dera la Alaska, anaifalitsa pa Facebook mu August yakuti padzakhala makomiti oweruza amene ayenera kukhala ndi moyo, imangonena kuti Medicare, inshulansi ya boma yothandiza okalamba, izilipira dokotala akakhala pansi ndi wodwala kukambirana za chisamaliro chimene wodwalayo angafune moyo wake ukamafika kumapeto. Mayi wina wachikulire anaimba akunjenjemera mawu, nanena kuti mwamuna wake ali ndi matenda a impso ndipo sakugona poopa kuti boma lidzamuchotsa pa makina. Ndinamulowetsa msanga, mphunzitsiyo anamufotokozera mofatsa, ndipo ndikukhulupirira kuti mphindi zimenezo zinali zaphindu kuposa china chilichonse chimene tinaulutsa tsiku limenelo. Mantha a mayiyo analibe chochita ndi khungu la munthu aliyense.

Lachiwiri linadutsa mwabata mpaka madzulo, pamene zinthu ziwiri zinachitika motsatizana. Aphungu anavota 240 kwa 179 kudzudzula Wilson, ndipo Jimmy Carter, yemwe anali pulezidenti kuyambira 1977 mpaka 1981 ndipo anakulira ku Georgia m'nthawi ya tsankho lovomerezeka ndi lamulo, anauza wailesi ya kanema ya NBC kuti gawo lalikulu kwambiri la chidani chimene chikuonetsedwa kwa Obama likuchokera pa mfundo yakuti ndi munthu wakuda. Ndinadziwa pomwepo kuti pulogalamu imene tinakonzera Lachitatu yafa.

Lachitatu mafoni anayamba kulira muulutsi asanamalize n'komwe mawu otsegulira. Bambo wina yemwe ali ndi kampani yaing'ono yokonza madenga anandiuza kuti amalipira antchito ake inshulansi imene mtengo wake ukukwera chaka ndi chaka, kuti sakukhulupirira kuti boma lingawononge ndalama pafupifupi madola 900 biliyoni pa zaka khumi popanda kukweza msonkho, ndipo kuti zamupweteka mumtima kumva pa wailesi imene amaisonkhera kuti nkhawa yakeyo ndi tsankho. Ndinamuyankha kuti, "Bambo, nenani zimenezi monga momwe mwandiuzira ine, musachepetse kanthu," ndipo anaterodi. Pambuyo pake anaimba mayi wina wakuda, namwino wopuma pa ntchito, yemwe anati wailesi yathu ndi yamantha chifukwa ikuzengereza kutchula chinthu chimene munthu aliyense wakuda m'dziko muno akuchiona ndi maso ake. Awiriwa anatiimba mlandu umodzi, wa kukondera, ndipo aliyense anali wotsimikiza kuti tikukondera mnzakeyo.

Panalinso mafoni a mtundu wina, ndipo amenewa ndi amene amavuta munthu wa ntchito yanga. Munthu amayamba bwinobwino ndi nkhani ya msonkho, koma ndikamufunsa kuti ndi mbali iti ya biluyo imene ikumudetsa nkhawa, sayankha za biluyo. Amayamba kunena za "anthu aja" amene adzalandira zaulere pamene iye akugwira ntchito, kapena kuti akufuna dziko lake libwerere mwakale, kapena kuti pulezidentiyo anabadwira ku Kenya, ngakhale zikalata za boma la Hawaii zikusonyeza kuti anabadwira ku Honolulu mu 1961. Ena akamva kalankhulidwe kanga amandifunsa kumene ndinachokera, ndipo ndikanena kuti ku Malawi, mu Africa, ena amasintha mawu, ena amadula foni. Sindinena kuti onse otere ndi anthu achidani. Ambiri ndimawamva ngati anthu amene ntchito za m'mafakitale zawathera, nyumba zawo zatsika mtengo chifukwa cha mavuto a zachuma a 2008, ndipo mantha awo apeza nkhope yoti aiyang'ane. Koma nkhope imene aisankhayo ndi yakuda, ndipo kunena kuti zimenezi zangochitika mwangozi kungakhale kunamiza omvera.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi chithunzi chimene chinkazungulira pa intaneti ndi kuoneka pa zikwangwani zina, choonetsa Obama atavala nthenga ngati sing'anga, fupa litapyoza pamphuno. Pa msonkhano wa masana mnzanga wina, mzungu wamtima wabwino ndithu, anati chithunzicho chikungonyoza ndondomeko ya zaumoyo ndipo tisachikulitse. Ndinamufotokozera kuti kwa munthu wochokera kumene ndinachokera ine chithunzi chimenecho n'chakale kwambiri, n'chimene atsamunda ankajambula pofuna kusonyeza kuti munthu wa mu Africa sangalamulire ngakhale mudzi wake, ndipo palibe amene anajambula Pulezidenti Bill Clinton motero pamene ndondomeko yake ya zaumoyo inkakanidwa mu 1993 ndi 1994. Tinagwirizana kuti muulutsi achifotokoze chithunzicho monga momwe chilili, anene kuti si onse ochita zionetsero amene anachinyamula, kenako afunse alendo a mbali zonse ngati akuchivomereza.

Komabe mbiri ya Clinton yomweyo ili ndi mbali ina imene ndinaumirira kuti imveke, chifukwa popanda iyo tikanakhala ndi mlandu weniweni wa kukondera. Pulezidenti Harry Truman anapempha inshulansi ya dziko lonse mu 1945 ndipo bungwe la madokotala la American Medical Association linalimbana naye mpaka ganizolo linafa. Clinton nayenso analephera. Onsewa anali azungu, ndipo kukayikira boma la ku Washington pa nkhani ya chipatala ndi khalidwe lakale la ndale za dziko lino. Mneneri wa ku White House panthawiyo, Robert Gibbs, ananena Lachitatu lomwelo kuti pulezidenti sakhulupirira kuti akutsutsidwa chifukwa cha khungu lake, ndipo Michael Steele, wapampando wa chipani chotsutsa cha Republican panthawiyo, yemwenso ndi munthu wakuda, anadzudzula mawu a Carter. Zonsezi tinaziulutsa. Chomvetsa chisoni n'chakuti tsiku lomwelo Max Baucus, yemwe panthawiyo anali wapampando wa komiti ya zachuma m'nyumba ya malamulo ya Senate, anatulutsa bilu yake imene inalibe inshulansi yoyendetsedwa ndi boma, nkhani yaikulu kwa aliyense wofuna kudziwa kumene lamuloli likulowera, koma omvera amene anaimba kufuna kukambapo anali ochepa zedi.

Lachinayi linali tsiku la makalata. Ofesi yoona za mamembala inatitumizira mauthenga a anthu amene analemba kuti asiya kusonkha, ena chifukwa tinaulutsa mawu a Carter, ena chifukwa tinapatsa mpata otsutsa biluyo, ndipo popeza nyengo yopempha ndalama kwa omvera inali itayandikira, nkhope za akuluakulu sizinali zowala. Wina anapereka ganizo lakuti tiziwerenga mphindi, kuti mbali iliyonse izilankhula nthawi yofanana ndendende. Ine ndinakana, ndipo ndikanabe. Kuwerenga mphindi n'kwabwino pamene anthu akutsutsana pa maganizo, monga ngati boma liyenera kukakamiza munthu kugula inshulansi, lomwe ndi funso lenileni limene anthu anzeru amasiyana nalo. Koma pamene wina akunena kuti biluyo idzapha okalamba ndipo wina akuwerenga zimene zalembedwa, kuwagawira nthawi mofanana n'kusiya womvera mumdima. Ndinakulira m'dziko limene linali ndi wailesi imodzi ya boma m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo ndikudziwa kamvekedwe ka wailesi yolamulidwa ndi andale: otsutsa samveka konse. Wailesi yathu si yotero, ndipo palibe wandale amene anandiimbirapo kundiuza woti ndimulowetse.

Izi sizikutanthauza kuti odandaulawo alibiretu mfundo. Ambiri a ife ogwira ntchito pa mawailesi ngati yathu tinaphunzira ku yunivesite, tikukhala m'tauni, ndipo anzathu amaganiza mofanana nafe, choncho mafunso ena amatibwerera msanga pamene ena satibwerera n'komwe. Nditayang'ana mndandanda wa alendo amene wailesi yathu imakonda kuwaitana pa nkhani ya zaumoyo, ndinapezamo aphunzitsi ndi madokotala ambiri, koma alimi, eni mashopu ndi ogulitsa inshulansi a m'matauni ang'onoang'ono munalibe. Kukondera kwa mtundu umenewu sikufuna chiwembu, kumangobwera ndi buku la manambala a foni limene munthu analizolowera. Madzulo a Lachinayi ndinawathera kuimbira anthu a m'madera akumidzi, ndipo mlimi wina amene amadzigulira yekha inshulansi anavomera kubwera.

Pulogalamu ya Lachisanu ndi imene ndikuinyadira. Mlimiyo anakhala tebulo limodzi ndi namwino wa pa chipatala chothandiza osauka ndiponso mphunzitsi wa mbiri yakale. Namwinoyo anakumbutsa omvera chiwerengero chimene ofesi ya kalembera inatulutsa sabata yapitayo, chakuti anthu 46.3 miliyoni analibe inshulansi mu 2008, nafotokoza za odwala shuga amene amagawa mankhwala a mwezi umodzi kuti akwane miyezi iwiri, ndipo ananena kuti pa mzere wa pachipatala pake pamakhala azungu, akuda ndi olankhula Chisipanishi. Mlimiyo anayankha kuti iyenso amaopa kudwala, koma amaopanso lamulo la masamba oposa chikwi limene aphungu ake sanaliwerenge. Mphunzitsi wa mbiri anafotokoza chinthu chimene omvera ambiri sankachidziwa, chakuti Medicare, imene Pulezidenti Lyndon Johnson anaisaina mu 1965, ndi imene inathetsa tsankho m'zipatala zambiri za kum'mwera, chifukwa chipatala chosiyanitsa odwala akuda ndi azungu sichikanalandira ndalama za boma pulogalamuyo itayamba mu 1966. Mfundo yake inali yakuti m'dziko lino nkhani ya amene alipirire chipatala ndi nkhani ya amene agone pa bedi liti zakhala zikuyendera limodzi kuyambira kale, kotero munthu akazitchula pamodzi sakupeka mlandu. Mlimiyo sanasinthe maganizo ake pa biluyo, koma muulutsi atamufunsa za chithunzi cha sing'anga chija ananena mosazengereza kuti n'chonyansa ndipo chikuipitsa anthu ngati iye.

Lamlungu pa 20 September Obama anaonekera pa mawailesi a kanema asanu, osaphatikiza Fox, ndipo ananena kuti alipo anthu amene samufuna chifukwa cha mtundu wake, koma nkhani yaikulu ndi mkangano wakale wa kukula kwa mphamvu za boma. Ndikumvetsa chifukwa chake pulezidenti wakuda woyamba anayenera kulankhula mosamala chotero pamene ankafuna mavoti a m'nyumba ya Senate. Ine amene ndimamva mawu a anthuwo asanalowe pa wailesi ndikuona kuti zinthu ziwirizi zilipo zonse, ndipo nthawi zina zimakhala m'foni imodzi ya munthu mmodzi. Ndinamvera zokambiranazo ndili ndi cholembera m'manja, chifukwa Lolemba lotsatira tinkatsegula ndi bilu ya Baucus, imene komiti yake inayamba kuikambirana sabata imeneyo, ndipo ndinali nditapeza kale wogulitsa inshulansi wa m'tauni ina yaing'ono woti adzafotokoze zimene biluyo ingachite pa mtengo umene makasitomala ake amalipira mwezi ndi mwezi.