Lachinayi: dzina la variable linene chomwe lanyamula

Masana onse a lero ndinali ku Braamfontein, mu Johannesburg, kuwerenga khodi (malangizo olembera kompyuta) ya pulogalamu yomwe mnyamata wina wa ku Dedza akulembera gulu la anzathu otumiza katundu kumudzi pa basi. Pulogalamuyo ikugwira ntchito bwinobwino, koma kuitsatira kunali kovuta chifukwa ma variable ake, malo omwe pulogalamu imasungamo manambala kapena mawu, anali ndi mayina monga x, t2 ndi tot. Komabe dzina lomwe linandidetsa nkhawa kwambiri linali looneka ngati labwino, lakuti ndalama.

Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, ndalama zimenezi ndi marandi omwe kasitomala walipira kuno, kapena makwacha omwe wolandira katundu akalipire ku Lilongwe? Nanga VAT ya 15 peresenti ilimo kale?" Anayankha mosavuta poti khodiyo waimaliza posachedwa, koma munthu amene adzaikonze chaka chamawa sadzakhala ndi womufunsa. Tinasintha dzinalo kukhala awiri, mtengo_marandi_ndi_vat ndi mtengo_makwacha, ndipo kulemera kwa katundu tinakutcha kulemera_kg. Nkhani ya miyezo ndimaiopa, pakuti mu 1999 chombo cha NASA chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika chifukwa pulogalamu ina inkatulutsa manambala a mphamvu m'miyezo ya mapaundi, pamene inzake inkawalandira ngati a muyezo wina wotchedwa newton.

Iye anadandaula kuti mayina aatali amatopetsa kulemba. Kale dandaulo limeneli linali lomveka, popeza Fortran wakale, chinenero cholembera mapulogalamu, sankalola dzina kupitirira zilembo 6, ndipo mayina oyamba ndi I mpaka N ankawatenga ngati manambala athunthu, zomwe zinalimbikitsa chizolowezi cha i, j ndi k. Masiku ano ukangolemba zilembo zoyamba, kompyuta imamalizitsa yokha. Ine i wa mu loop (gawo la khodi lobwerezabwereza) ya mizere itatu sindilimbana naye, koma l yekha ndinamuchotsa, chifukwa malangizo a kalembedwe ka chinenero cha Python otchedwa PEP 8, omwe analembedwa mu 2001, amaletsa l, O ndi I ngati mayina poti amafanana ndi 1 ndi 0.

Chomwe sitinamvane ndi chinenero. Iye akufuna mayina a Chichewa, ndipo mtima wanga uli naye, koma kuno ku Johannesburg wodzakonza khodiyo akhoza kukhala wolankhula Chizulu kapena Chishona. Mawa tikafunsa eni pulogalamuyo kuti adzaisamalire ndani, kenako tisankhe chinenero chimodzi cha khodi yonse.