Nsupa yanga inakalowa ku overnight

Mpaka lero pali anthu ena akandiona mu Zomba amakuwa kuti "Dokotalaaa!" pomwe ine kadigiri kanga ndi kamodzi kokha, ka pass wamba kopanda zokometsera. Ndatopa kufotokozera munthu mmodzimmodzi ndiye lero ndangoti ndilembe, amene akufuna kuseka aseke kamodzi zithe.

Munali mu Juni 2022, ine ndili yaro (wa chaka choyamba ku yunivesite), ndikukhala ku Chikanda m'kachipinda kamene ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri. Amene munali pasukulu chaka chimenecho mukukumbukira mmene zinthu zinalili. Namondwe Ana anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale ndiye magetsi ankangobwera ngati mlendo, kupereka moni n'kumapita. Mu Meyi kwacha inagwa ndi 25 peresenti, kandalama kamene ankanditumizira akunyumba kanangosanduka ka matchesi ndi sopo. Ine ndi mesho wanga, mnzanga wokhala naye chipinda chimodzi, tinkadya nsima ya masoya pisi Lolemba mpaka Lamlungu, tikafuna kusintha ndiwo timangosintha mbale.

Chimene chinkandipulumutsa ndi tsabola. Ponyamuka kwathu ku Ntchisi agogo anga aakazi anandipatsa kansupa kawo kakale kamene ankasungiramo fodya wa m'mphuno asanasiye, kakuda bii chifukwa chogwiridwa zaka zambiri, kokulungidwa mikanda yofiira ndi yoyera pakhosi, kotsekera kake kachitsononkho. Anakatsuka n'kudzazamo kambuzi woumitsa wosinja, uja ukangotsegula chivindikiro munthu wa chipinda chachitatu amayetsemula. Anati "mwana wanga ndiwo za kutauni sizikoma, uzithirako." Kansupa kameneka ndinkayenda nako paliponse, ngakhale kogula chiwaya.

Tsono semesita imeneyo ndinatenga kosi ya drama. Osati kuti ndinali ndi luso, koma kusekondale ndinapangako sewero pa mpikisano wa masewero a Chingerezi wa ATEM ndili mlonda wa mawu atatu okha, ndiye ndinkadziona ngati katswiri. Mayeso a pulakitiko anali oti gulupu iliyonse ipange sewero lake, ife tinasankha nkhani ya mlandu wa munda, ndipo anzanga onse anagwirizana mosavota n'komwe kuti nkhope yanga ndi ya sing'anga. Madamu athu sankafuna zachibwana pankhani ya chikhalidwe. Ankatikumbutsa kawirikawiri kuti Gule Wamkulu ndi Vimbuza UNESCO inazilemekeza mu 2005 pomwe eniake ife timachita nazo manyazi, ndipo ananenetsa kuti amene adzabwere ndi zipangizo za makatoni malikisi akawapeze kumwamba. Ndiye ine ndinalimbikira. Ndinakapempha mchira wa ng'ombe kwa munthu wina wogulitsa nyama mumsika n'kupanga litchowa, nsalu yofiira ndinagula pa kaunjika, kagalasi kosweka ndinatola kuseri kwa hositelo. Nsupa ndiye sindinavutike, inalipo kale, ya orijino.

Lachisanu tinapanga rihesalo mpaka cha m'ma 8 usiku. Pulakitiko inali Lolemba. Zonse ndinalonga m'chikwama changa chimodzi chomwecho cha mabuku, pamwamba n'kuikapo Baibulo, chifukwa usiku womwewo kunali overnight ya gulu lathu la mapemphero, yopempherera mayeso.

Apa ndinene chilungamo, pakuti ndakula. Zifukwa zopitira ku overnight zinali zitatu. Choyamba ndinkaopa sapu (mayeso obwereza ukalephera) ya kosi ina ya filosofi imene mpaka lero sindidziwa kuti inkakamba za chani, ndipo nkhani za anthu owididwa, aja ochotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso, zinkandisowetsa tulo, kubwerera ku Ntchisi ndi katundu pamutu anthu atakuperekeza ndi nthungululu si zinthu. Chachiwiri 2 koloko usiku kunkakhala tiyi ndi mandasi. Chachitatu chinkaimba soprano mu kwaya, chinali cha seko yiya ndipo chinali chisanadziwe kuti ine ndilipo padziko. Mulungu andikhululukire koma mndandanda wake ndauyambira kumunsi.

Tinasonkhana m'kalasi ina, anthu ngati 60. Magetsi monga mwa nthawi zonse kunalibe, tinayatsa makandulo ndi matochi a mafoni, ndipo poti Juni wa ku Zomba mphepo yake imatsika m'phiri muja ngati yatumidwa, ma sisita anabweretsa mbaula ziwiri, ina yowiritsira tiyi ina yoothera, mawindo onse n'kutseka. Mfundo ya mawindoyi muisunge.

Pemphero linatentha bwinobwino. Cha m'ma 12 a Tcheya, mnyamata wa finale wa jekete ya bulauni amene ankayenda ngati anabadwa ali m'busa kale, anati "tipemphe yaro mmodzi atiwerengere mawu." Ine kuona kuti soprano wakhala kutsogolo, dzanja linakwera lokha. Ndinapita kutsogolo ndi chikwama chonse, sindikudziwa chifukwa chake, n'kuchiika patebulo, kutsegula zipi, kukoka Baibulo. Koma litchowa lija linali litakola pachikuto. Baibulo potuluka linatuluka ndi mchira wa ng'ombe, mchira unakoka nsalu yofiira, nsalu inakoka kagalasi, ndipo pamapeto penipeni kansupa kanagwa pansi, gubudu, n'kuyamba kugubuduka pang'onopang'ono pasimenti, mikanda ikulira tsekeretsekere, kudutsa mzere woyamba, mpaka kukaima pa nsapato ya a Tcheya. Ngati kanachita kutumidwa.

Chete amene anagwa mmenemo sindinamumveponso ngakhale mu layibulale. Wa kiyibodi ya mabatire chala chinaumira pa kiyi imodzi. Kenako sisita wina kumbuyo anakuwa "Magazi a Yesu!" ndipo mzere woyamba wonse unasamukira mzere wachinayi osaponda pansi.

A Tcheya anabweza phazi mwaulemu n'kufunsa ndi mawu otsika, "Brother, ichi n'chiyani?"

Munthu wanzeru akanati ndi tsabola. Mawu amodzi. Koma ine mutu unali utazizira, ndinangoti "ndi za pulakitiko, a Tcheya."

"Mwamva abale? Akuti amapulakitisa!"

"Ayi, ndikutanthauza kuti ndi za mayeso, Lolemba ndikufuna ndikakhoze nazo…"

Apa ndiye ndinadzikwirira ndekha. Kalasi yonse inati "Hiiii!" Wina anati n'chifukwa chake mayaro a chaka chino akukhoza modabwitsa. Wina anafunsa kuti ndinazitenga kuti, ine mwaulemu wanga wa kumudzi n'kuyankha zoona kuti anandipatsa agogo ku Ntchisi ponyamuka. Abale, sindinanamepo ngakhale liwu limodzi usiku umenewo koma yankho lililonse linkangowonjezera mlandu.

Anandigwadika pakati. Manja ngati 20 pamutu panga, ena akukankhira kutsogolo ena kumbuyo, khosi langa likungoyenda ngati la nkhuku. Brother wina wa sayansi amene masana ankatiphunzitsa kuti chilichonse chimafuna umboni ndi amene ankakuwa kwambiri kuti "tuluka!" Ndikati ndiyankhule ankati chiwanda chikuyankha, ndikakhala chete ankati chabisala. Ndinasuzumira pansi pa mkono wa munthu wina kuti ndione soprano, ndinamuona, akundipempherera misozi ili mbwembwembwe. Kunena zoona kamtima kanakondwako pang'ono, tsopano ankadziwa kuti ndilipo.

Kenako a Tcheya anatsegula Machitidwe 19, paja anthu a ku Efeso anasonkhanitsa mabuku awo amatsenga n'kuwatentha pamaso pa onse, mtengo wake ndalama zasiliva 50,000. Anati ngati a ku Efeso sanaumire chuma chonsecho ife tingalephere kansupa kamodzi? Apa m'pamene ndinazindikira kumene nkhani ikulowera ndipo ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse, "Musaotche! Chonde musaotche, muvulala nonse!"

Tangoganizani mmene mawu amenewo anamvekera.

"Chikuopseza! Chikuopa moto!" Anakankha kansupa ndi litchowa pogwiritsa ntchito tsache, palibe analimba mtima kugwira ndi manja, mpaka zonse mu mbaula yoothera ija. Choyamba kununkha unali mchira wa ng'ombe, fungo lake ngati munthu akuwaula mbuzi yodwala. Anthu anati ee, ndi fungo la kumidima limenelo. Nsupa inakhala kaye phee pamakala, kenako inang'aluka, thuu, ndipo kambuzi wa agogo yense, wa semesita yathunthu, anakhuthukira pamoto.

Amene munaotchapo tsabola mwangozi kukhitchini mukudziwa. Tsono uyu anali kambuzi wodzaza nsupa, m'kalasi yotseka mawindo, muli anthu 60 amene onse atsegula kukamwa akuimba. Woyamba kutsokomola anali wa kiyibodi. Kenako alto yonse. Pasanathe mphindi imodzi kalasi yonse inali khokhokho, misozi, mamina, ena akukwawa kufuna chitseko mumdima chifukwa makandulo anali atagwa, ndipo a Tcheya ali pakati maso ali psuu akuyesetsa kunena kuti "musathawe abale, zikutu… zikutulu…" koma mawu osatha, mpaka nawonso anagonja n'kudumphira pawindo limene wina anatsegula, jekete n'kutsalira pa chitsulo. Ine amene ndinazolowera kambuzi ameneyu kuyambira ndili mwana ndinangoyetsemula kawiri basi n'kutuluka bwinobwino pakhomo, ndipo zimenezinso anthu anaziona n'kuzisunga mumtima.

Alonda anabwera ndi matochi akuganiza kuti apolisi aponya utsi wokhetsa misozi, paja pasukulu zimenezo sizachilendo. Anapeza anthu ali m'kapinga akutsokomola moyang'ana kumwamba. Tiyi sanamwedwe. Mandasi ndinamva kuti anadya alondawo.

Nditafika ku Chikanda mesho anaseka mpaka anagwa pabedi. Iye ankalakalaka kudzalowa law ndiye chilichonse ankachiona ngati mlandu, anati "aise usadandaule, Witchcraft Act ya 1911 imaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, tikhoza kuwasumira onse 60." Ndinayamba kulimba mtima. Kenako anawonjezera kuti lamulo lomwelo limaletsanso munthu kudzionetsa ngati ali ndi ufiti, ndiye mwina tingoyamba taona kaye. Loya wotere ndi wa chani.

Loweruka ndinapita kukafotokoza zonse kwa a komiti, ndinatenga ndi sikiripiti ya sewero komanso anzanga awiri a mu gulupu ngati mboni. Anamvetsa, tinaseka, a Tcheya mawu ali osasa anapepesa ndipo Lamlungu analengeza kuti inali ngozi ya tsabola. Koma mukudziwa nkhani pa kampasi, imene imathamanga ndi yoyamba ija, yokonza imabwera pa kabaza wopanda mpweya.

Lolemba ndinalowa pa siteji ndi botolo la Sobo lokulungidwa sokosi yakuda, litchowa la ulusi wa mopu. Madamu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali. Nkhani anali ataimva kale, mu sitafu rumu inafika Loweruka lomwelo. Anangoti "sing'anga wa masiku ano," n'kulemba kenakake. Ndinapeza 54. Filosofi ija ndinadutsa ndi 50 yeniyeni, ndipo poti theka la kalasi linalemba sapu, anthu anangogwedeza mitu kuti mwaona.

Soprano anayamba kundipatsa moni, koma wa patali, uja woimika dzanja uli tsidya lina la msewu.

Sabata ya mayeso akulu itayandikira zitseko zinayamba kugogodwa usiku. Woyamba anali mnyamata wa ekonomikisi, anati wamva kuti ndili ndi "kenakake kothandiza kukumbukira", ali ndi K2,000. Ndinamuthamangitsa, mesho n'kundikalipira kuti imeneyo inali nyama ya masiku awiri. Anabweranso ena atatu masiku otsatira. Koma amene sindidzamuiwala anagogoda Lachitatu cha m'ma 11, magetsi atazima, atavala chipewa chofika m'maso. Nditamuunika ndi foni ndinaona kuti ndi brother wa sayansi uja, amene ankakuwa "tuluka" kuposa aliyense. Anayang'ana uku ndi uku n'kunong'ona kuti, "Brother, ine ndikudziwa kuti unali tsabola, ndikudziwa ndithu. Koma agogo anuwo ku Ntchisi, foni ali nayo?"