Kachotupa ka mkati mwa tayala

Mwana wa achemwali anga anabwera kuntchito kwanga, komwe timagulitsa ndi kukonza matayala, lero masana ndi ka Polo GTI kake kaja, nkhope ili gwaa, akuti ankolo tandionerani matayalawa ndikuona ngati ndawapha. Loweruka anapita ku Zwartkops, bwalo la mipikisano ya magalimoto lija lili kufupi ndi Centurion kuno ku South Africa, pa tsiku lomwe amatsegulira aliyense amene ali ndi galimoto yake ndi helmet kuti akathamange mmene mtima wake ukufunira. Bwalolo ndi lalifupi, makilomita 2.4 basi, koma ukamalizungulira mobwerezabwereza ndi matayala oyendera mumsewu wamba, matayalawo amaona zakuda. Ine zopita ku track sindidana nazo ayi, bola kumeneko kusiyana ndi anyamata othamangitsana pa msewu waukulu wa N1 usiku pakati pa anthu osalakwa. Ndinamuuza kale zimenezo.

Chomwe chimamuopsa iyeyo chinali pamwamba pa tayala. Ndipo zoona, ukangoyang'ana umachita mantha, pamwamba ponse pakhakhala, timizeremizere ta labala topiringizika ngati tinyenyeswa timatsala ukafufuta pensulo mu kope, kwinaku zibuluma zakuda zomatirira, m'mphepete mwasanduka kamtundu ka buluu. Akuti anajambula n'kutumizira anzake ndipo onse amuuza kuti matayala onse anayi akataye. Ndinatenga sikuludiraiva n'kukanda chibuluma chimodzi, chinangochoka, pansi pake tayala lili bwinobwino. Ndimvekere iwe, uyu si labala wako, ndi wa anzako amene umathamanga nawo. Tayala likatentha limamata, ndiye ukamatuluka m'bwalo pang'onopang'ono limatola nyenyeswa zonse zomwe matayala ena ataya m'mbali mwa njira. Ukayenda masiku ochepa mumsewu zimachoka zokha. Kukhakhala kuja nako n'chifukwa choti tayala limatsetsereka cham'mbali pa kona, labala wapamwamba n'kumang'ambika pang'onopang'ono, kumadya moyo wa tayala inde koma sikungakuphe. Buluu uja ndi kutentha, mafuta a m'labala amatulukira pamwamba. Tayala lotero mwina silidzagwiranso msewu ngati lili latsopano, makamaka kukagwa mvula, koma silinafike potaya.

Apa nkhope inayamba kumasuka, mpaka kuseka, akuti ndiye anzanga aja sadziwa kanthu eti ankolo.

Tayala la kutsogolo kumanzere linali ndi vuto lina lokulirapo, paphewa lakunja tizidutswa tiwiri ta labala tinabenthuka n'kusiya timaenje. Galimoto zokoka ndi mawilo akutsogolo zimatero kwambiri, tayala lomwelo likhote, lomwelo likoke, lomwelo ligwire mabuleki, ndiye phewa lakunja limapsa kuposa pena paliponse. Pamenepo funso limakhala limodzi, kodi dzenjelo lafika pa waya kapena pa ulusi? Ndinaunika ndi tochi, kutokosa bwinobwino, labala analipobe pansi pake, waya osaoneka. Mizere nayo inali isanafike pa timizere topingasa tija timasonyeza kuti kwatsala 1.6 mm. Ndinati ili likhoza kumachita kaphokoso kapena kunjenjemera pang'ono, tiliyang'anitsitse koma si ladzidzidzi. Akanakhala kuti waya watulukira ngakhale kadontho, nkhani ikanathera pomwepo.

Mpweya ndiye unali wochepa onse anayi, 1.7 bar. Akuti ku track munthu wina anamulangiza kuti aphwetseko chifukwa tayala likatentha pulesha imakwera, zomwe n'zoona, koma pobwerera matayala atazizira sanapopenso. Wayenda choncho kuyambira Loweruka.

Ndiye ndinakweza galimoto pa jeki, chifukwa ine sindikhulupirira tayala lomwe ndangoliona mbali imodzi. Ndinakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, n'kulowetsa dzanja kuseri, kumayendetsa chikhatho pa khoma la mkati uku ndikuzunguza wilo. Kutsogolo kumanja, tayala lomwe pamwamba limaoneka labwino kuposa linzake lija, dzanja linakwera kaphiri. Kachotupa kakang'ono, chala changa chachikulu chimakaphimba konse. Ndinamasula wilo n'kuliika pansi powala, pa limu pomwepo pali kachizindikiro kophwanyika. Ndinamufunsa, unamenya kerb, kamzere kokwera ka m'mphepete mwa njira pa kona kaja? Akuti ee kamodzi kokha ndinadula kona kwambiri kunamveka phuu koma galimoto inapitirira bwinobwino.

Mtima wanga unangoti myuu. Matayala ake ndi 215/40 R18, kutanthauza kuti khoma lake ndi lalifupi, 86 mm basi, palibe malo okwanira oti lipindike ukamenya chinthu, ndiye limapanikizika pakati pa limu ndi kerb, ulusi wa mkati n'kuduka. Anthu ambiri sadziwa kuti waya wachitsulo uja amakhala pansi pa mizere pokha, m'khoma mulibe, muli ulusi basi ndi labala wopyapyala. Ulusiwo ndi umene umagwira mpweya kuti tayala likhale tayala. Ukaduka, mpweya umakankha labala yekhayekha n'kutupa, ndipo khoma limapindika n'kuwongoka nthawi iliyonse wilo likazungulira, ndiye ulusi woyandikana nawo umaduka umodziumodzi. Palibe chigamba, palibe guluu, palibe amene angakonze pamenepo. Ngakhale malamulo a pamsewu kuno ku South Africa amaletsa kuyenda ndi tayala lotupa kapena loonekera ulusi.

Ndinamuuza zonsezi modekha. Iye anagwada n'kukasindikiza ndi chala, akuti ankolo kameneka? Mpweya sukutuluka, ndachoka ku Zwartkops mpaka Midrand pa 120 osamva kalikonse, dzulo ndapita kuntchito ndabwerako. Ndimvekere n'chifukwa chake kali koopsa, sikapereka chizindikiro, tsiku lomwe kadzalankhule kadzangophulika kamodzi. Akuti koma zija zimaoneka zoipa zija mwati zilibe vuto, ndiye kosaonekaka mukuti n'koopsa, zikugwirizana bwanji. Ndinati zija zili pa labala wakunja yemwe anapangidwira kutha, aka kali pa chimene chagwira tayala lonse. Anakhala chete kaye kenaka n'kuseka, akuti inu anthu ogulitsa matayala simulola munthu atuluke pageti osagula kanthu.

Mawu amenewo ndi amene andikhalira pamtima mpaka pano. Ananena moseka, ndikudziwa, koma anandipweteka. Mphindi zochepa m'mbuyomo ndine ndemwe ndinamuletsa kutaya matayala anayi pomwe anabwera atakonzeka kale kumva zoti agule onse. Ndikanafuna ndalama zake ndikanangogwedeza mutu. Mwana ameneyu ndinamunyamula ali wakhanda ku Chilomoni, atafika kuno anagona pa mpando wa m'nyumba mwanga mpaka atapeza ntchito, lero ndasanduka wogulitsa matayala. Ndinangoti chabwino, usagule kwa ife, pita kulikonse ukagule, koma ili lichoke lero. Ndipo bwino ugule awiri akutsogolo, chifukwa lakumanzere lija labenthuka kale, kuika latsopano mbali imodzi lakutha mbali ina galimoto sigwira mofanana. Akuti mwezi ukatha, panopa ndalama zapita ku track ndi mabuleki.

Ndinati ndiye tiikepo sipeya panopa. Anatsegula buti, ndi kaja kakang'ono kolembedwa 80 km/h. Akuti aaa ankolo ndiziyenda ndi kameneka milungu iwiri pa highway, anthu azindiona bwanji. Pamenepo kunali kutabwera kasitomala wina ndi bakkie yoponchera, abwana akundiyang'ana, ine manja ali mbuu. Ndinabwezeretsa wilo lake momwemo, kumanga manati, kupopa onse mogwirizana ndi pepala la pagalimoto, ndipo pomanga paja manja anga amakana, sindinayambe ndamvapo choncho pantchito. Kasitomala wamba akakana timamulembera pa pepala kuti tamuchenjeza asayine, azipita. Wako wamagazi umusayinitsa bwanji?

Sindikukumbuka bwino kuti madzulo anatha bwanji. Mu taxi pobwerera ndimangoona zidutswa za matayala zili m'mbali mwa msewu, zomwe masiku onse ndimadutsa osaziganizira. Zambiri ndi za mathiraki ndikudziwa, komabe. Ndinafika kunyumba mayi a ana akundifunsa kuti mwakhumudwa chani, ndinangoti kutopa. Nsima ndinadya pang'ono.

Chikundivuta kwambiri n'chakuti December wayandikira ndipo akuti chaka chino apita kumudzi pagalimoto yomweyi, iye, mkazi wake ndi kamwana kawo. Amene anayendapo njira imeneyo akudziwa, N1 mpaka Musina dzuwa likuswa mtengo, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kenaka Tete komwe phula limachita kuwotcha mapazi, Zobue mpaka Mwanza. Galimoto itadzaza katundu mpaka kudenga, maenje m'njira, kutentha, zinthu zonse zomwe tayala lodwala silifuna. Mwina pofika nthawi imeneyo akhala atasintha, mwina. Koma ndikumudziwa mwanayu, chinthu chikayenda sabata imodzi osavuta ndiye kuti kwa iye chachira, mwezi ukatha ndalama idzapeza kolowera kwina. Ndipo sikuti mpaka Tete ayi, pakati pa Midrand ndi kuntchito kwake pomwepa anthu amathamanga 120 m'mawa uliwonse, tayala lakutsogolo likaphulika pamenepo chiwongolero chimakulanda, m'mbali muli magalimoto ena.

Ndimaganiza zoimbira achemwali kumudzi koma iwo za matayala sazidziwa, angoyamba kulira ndi BP yawo ija, kenaka mwana adzati ankolo mukundinenera ngati ndine wa sitandade 2. Mkazi wake ndi womvetsa zinthu, ndikanamutumizira chithunzi cha chotupacho pa WhatsApp, ndinachijambula, koma kulowerera m'banja la mwana choncho nakonso kuli ndi mavuto ake, mawa n'kumadzati malume akutidanitsa.

Mwina mawa ndiwapemphe abwana andipatse tayala limodzi adzandidule pa malipiro, ngakhale size imeneyi si yotchipa ndipo lendi ikudikira, fizi ya mtsikana wanga nayo sindinamalize. Ndikalipeza ndimuimbire kuti bwera ndingokuikira, za ndalama tidzakambirana. Kaya abwera, chifukwa pochoka paja sanatsanzike bwinobwino, anangoti tionana ankolo galasi akukweza. Ndamutumizira uthenga cha m'ma 8 kuti mawa asapitirire 80 ndipo apewe highway, wawerenga koma sanayankhe, ndipo sindikudziwa ngati ndimuimbire m'mawa asananyamuke kapena ndimusiye kaye mtima utsike