Mahari, talaka ndi khul'u: zimene mkazi wa Chisilamu ayenera kudziwa

Ufulu wambiri wa mkazi umatayika pa tsiku la nikaha (kumanga ukwati wa Chisilamu), chifukwa zinthu zimangogwirizanidwa pakamwa. Choyamba ndi chilolezo chake: Khansa bint Khidham atakwatitsidwa ndi bambo ake iye asakufuna, Mtumiki Muhammad (SAW) anathetsa ukwatiwo.

Mahari, mphatso imene mwamuna ayenera kupereka pokwatira, ndi a mkwatibwi yekha, osati a makolo, monga ikunenera Qur'an pa Sura 4:4. Angathe kugawidwa pawiri, ena kuperekedwa pomwepo, ena kukhala ngongole yodzalipira ukwati ukatha kapena mwamuna akamwalira. Kuchuluka kwake ndi nthawi yolipira zilembedwe, mboni ziwiri zisaine. M'kalata yomweyo mkazi angaike mfundo zake, monga kupitiriza maphunziro, kapena kuti mwamuna amupatse mphamvu yodzipatsa talaka (chisudzulo), yotchedwa tafwidh. Ambiri sadziwa n'komwe kuti mwayiwu ulipo.

Talaka siperekedwa mkazi ali kumwezi. Ikaperekedwa, mkazi amakhala pa eda (nyengo yodikira asanakwatiwenso) ya misambo itatu, miyezi itatu ngati sasamba, kapena mpaka atabereka ngati ali woyembekezera. Pa talaka yoyamba ndi yachiwiri, eda amakhalira m'nyumba ya mwamunayo, chakudya ndi zovala akupatsidwa ndithu. Kumulongezetsa katundu usiku womwewo n'kuphwanya Sura 65:1. Za talaka zitatu zonenedwa nthawi imodzi, malamulo a mayiko amasiyana: Egypt kuyambira 1929 amaziwerenga ngati imodzi, pomwe khothi lalikulu la India linaziletsa mu 2017.

Pamene akazi amapusitsidwa kwambiri ndi pakati pa khul'u ndi fasikh. Khul'u ndi chisudzulo chimene amapempha mkazi amene mtima wachoka pa mwamuna wosalakwa, ndipo amabweza mahari, monga mkazi wa Thabit ibn Qays anabwezera munda umene anapatsidwa ngati mahari. Koma mwamuna womenya, wosasamala pakhomo kapena wosowa kwa nthawi yaitali, mlandu wake ngwa kadhi (woweruza wa Chisilamu), amene angathetse ukwati mwa fasikh, mkazi osabweza kanthu ngati anali atalowana kale. Amuna ena amazunza dala kuti mkazi atope n'kupempha khul'u, mahari abwerere m'thumba mwawo. Sura 4:19 ikuletsa zimenezi. Choncho musanavomere kubweza chilichonse, sonkhanitsani umboni: makalata a kuchipatala, mauthenga a pafoni, ndi anthu amene anaona nkhanzazo.